Mafilimu oopsa a 2025: zoopsa zake zidachita kuodira pakhomo

Nthawi ili 2:17 usiku, ana 17 a m'kalasi imodzi akudzuka aliyense kwawo, kutsegula chitseko ndi kuthamangira mumdima manja atatambasula ngati mapiko. Palibe wawagwira dzanja, palibe galimoto yowadikira panja. Kutacha, mphunzitsi wawo akupeza m'kalasi muli mwana mmodzi yekha, ali phee padesiki yake.

Umu ndi mmene ikuyambira Weapons, imodzi mwa mafilimu oopsa omwe adatekesa anthu m'chaka cha 2025. Okonda makanema ochititsa mantha sadzachiiwala msanga chaka chimenechi. Kale mafilimu a mtunduwu ankatengedwa ngati achibwana, ongokhetsa magazi ndi kukuwitsa anthu m'malo oonetsera vidiyo. Koma mu Januwale 2026, filimu ya anthu oyamwa magazi yotchedwa Sinners idasankhidwa kuti ipikisane nawo m'magawo 16 pa mphoto za Oscar, zomwe zidali zisadachitikepo. Ngakhale Titanic ija idalekera pa 14.

Mafilimu otere sachedwa kufika pamisika yathu. Amabwera m'mafulashi ndi m'mamemore, ena anyamata athu aja atawaika kale mawu a Chichewa pamwamba. Kholo loganiza kuti izi n'za ku America zokha liyang'ane kaye zomwe zili m'foni ya mwana wake.

Mukawaika pamodzi omwe adakoma kwambiri chaka chimenechi, muona kuti choopsacho sichithyola chitseko ayi. Chimaodira, eni nyumba n'kuvomera kuti lowani. Pena chimabwera ngati mlendo wodziwa kuimba, pena ngati wachibale wodwala, penanso ngati mayi wachifundo wolera ana amasiye.

Mlendo woimba bwino

Kwa ine, Sinners ndiye idaposa onse. Adailemba ndi kuitsogolera ndi Ryan Coogler, yemwe ambiri timamudziwa chifukwa cha Black Panther ya 2018 ndi Creed ya 2015. Idatuluka mu Epulo 2025 ndipo idapanga ndalama zoposa madola 360 miliyoni padziko lonse, ngakhale kuti nkhani yake njatsopano, yosachokera m'buku kapena m'filimu ina yakale.

Nkhaniyi ikuchitika m'chaka cha 1932 m'tauni ya Clarksdale ku Mississippi. Michael B. Jordan akusewera anthu awiri, mapasa Smoke ndi Stack, omwe abwerera kwawo kuchokera ku Chicago ali ndi ndalama zomwe sakufuna kufotokoza bwino komwe adazitenga. Agula nyumba yakale yochekeramo matabwa kwa mzungu wina kuti atsegulemo malo omwera ndi kuvina a anthu akuda. Zonse zikuchitika tsiku limodzi: masana akusonkhanitsa oimba, ophika ndi mlonda, usiku n'kutsegula.

Kuti mumvetse chifukwa chake malowa ngofunika chotere, muyenera kudziwa mmene anthu akuda ankakhalira kumeneko. Ambiri ankalima thonje m'minda ya azungu mofanana ndi matenanti a m'maesiteti a fodya: ulime chaka chonse, pokolola mwini munda achotse ngongole ya chakudya ndi zipangizo, iwe utsale chimanjamanja. Ena sankalandira n'komwe ndalama zenizeni koma timakobili togulira m'sitolo ya mwini munda yekhayo. M'filimumu, mapasa aja akamawerengera zomwe apeza usikuwo akupeza timakobili totere tili mbwee. Kwa anthu amenewa, kuvina usiku umodzi pamalo omwe mwini wake ndi munthu wakuda mnzawo ndi ufulu wokhawo womwe angaugwire ndi manja.

Woimba wamkulu usikuwo ndi Sammie, mbale wawo wa mapasawo, mwana wa abusa yemwe bambo ake adamuchenjeza kuti gitala n'chida cha Satana. Akayamba kuimba, m'nyumbamo mukuoneka oimba ng'oma ndi ovina a ku Africa a makedzana pamodzi ndi oimba a zaka zamtsogolo, onse m'bwalo limodzi. Gawo limeneli lokha ndi lokwanira kuti munthu aifunefune filimuyi. Koma nyimbo yomweyo yamvekanso kutali, ndipo yaitana Remmick, mzungu wa ku Ireland woyamwa magazi.

Lamulo la oyamwa magazi a m'filimuyi nlakuti sangalowe m'nyumba popanda wowauza kuti lowani. Ndiye Remmick ndi anzake awiri aima panja mwaulemu, kuimba kanyimbo kokoma, kuonetsa ndalama zagolide, n'kupempha kuti nawonso angosangalala nawo. Akakanizidwa sakwiya. Akhala chapatali n'kumadikira aliyense wotuluka. Malo omwe adandiimitsa tsitsi mulibe ngakhale dontho la magazi: mlonda wa pakhomo, Cornbread, watuluka kukataya madzi, ndipo pobwera waima pakhomo pomwe wakhala akulondera usiku wonse n'kumapempha kuti wina amuuze kuti alowe. Yemwe akuzindikira kuti zinthu sizili bwino ndi Annie, mkazi wa Smoke, wodziwa mankhwala achikuda, yemwe akuseweredwa ndi Wunmi Mosaku wobadwira ku Nigeria.

Chomwe chikuikweza filimuyi n'chakuti zomwe Remmick akulonjeza sizopusa. Akuti anthu a kwawo nawonso adalandidwa malo ndi atsamunda. Akuti mwa iye mulibe mzungu kapena wakuda, onse ndi banja limodzi losafa. Akuwauzanso chilungamo chowawa, chakuti mzungu adawagulitsa nyumba uja ngwa gulu la Ku Klux Klan ndipo akubwera m'mawa ndi mfuti. Mtengo wake ndi umodzi: amupatse Sammie ndi nyimbo zake. Aliyense woimba yemwe adasainirapo pepala losalimvetsa chifukwa cha njala adziwa zomwe Coogler akunena. Mwiniwakeyo adagwirizana ndi kampani ya Warner Bros. kuti pakatha zaka 25 umwini wa filimuyi udzabwerera kwa iye.

Ofuna magazi kuyambira pachiyambi adzatopa, chifukwa pafupifupi ola lonse loyamba ndi la macheza, malonda ndi zibwenzi zakale. Mulinso zogonana ndi mawu olaula. Si ya ana.

Tauni yonse iloza chala

Tibwerere kwa ana 17 aja. Weapons idatuluka mu Ogasiti 2025, yolembedwa ndi kutsogoleredwa ndi Zach Cregger. Idadya madola 38 miliyoni poijambula koma idabweza oposa 260 miliyoni. Amene sadaionere ndipo sakufuna kudziwiratu mathero ake adumphe ndime zinayi zotsatirazi.

Apolisi a m'tauni ya Maybrook alephera kupeza anawo, ndipo makolo akufuna munthu womuloza chala. Wapafupi ndi mphunzitsi uja, Justine Gandy, mayi wosakwatiwa, wokonda botolo, yemwe adachotsedwapo ntchito pasukulu ina. Pamsonkhano wa makolo akumukuwiza. Usiku akumuimbira foni zomuopseza. Pagalimoto yake alembapo ndi penti yofiira kuti ndi mfiti. Wotsogolera mkwiyowu ndi Archer, bambo womanga nyumba yemwe akugona pabedi la mwana wake wosowayo, ndipo Josh Brolin akumusewera mwakuti ngakhale akulakwa, umamumvera chisoni.

Filimuyi ikufotokoza masiku omwewo kangapo, kudzera m'maso mwa mphunzitsi, bambo uja, wapolisi, mnyamata wosuta mankhwala ozunguza bongo, mphunzitsi wamkulu, kenako mwana wotsala uja, Alex. Apa m'pomwe zonse zikuululika. Kwa Alex kudabwera wachibale wa mayi ake, azakhali Gladys, okalamba, odwala, opanda kolowera. Makolo adawalandira monga mmene aliyense wa ife akadachitira. Patapita masiku ochepa, bambo ndi mayi a Alex adangokhala duu patebulo, maso ali tong'o, osalankhula, ngati ndondocha.

Gladys, yemwe Amy Madigan akumusewera atavala wigi yofiira ndi zopakapaka zosalongosoka, amagwiritsa ntchito tsitsi la munthu kapena kanthu kake, nthambi ya kamtengo kaminga, magazi ake ndi kabelu. Alex adamuopseza kuti akangoulula, makolo ake afa. Ndiye kamwana ka sitandade 3 kamapita kusukulu tsiku lililonse ngati palibe chachitika, pobwera kugula supu wa m'zitini, kudyetsa makolo ake ndi supuni, mawindo onse atamatidwa ndi nyuzipepala. Ndi iyenso yemwe adatumidwa kukatenga timapepala ta mayina a anzake m'kalasi.

Cregger adafotokozapo kuti gawo la Alex lidachokera pa ubwana wake m'nyumba ya kholo lachidakwa: chinthu chachilendo chimalowa m'nyumba, makolo n'kusanduka anthu ena, mwana n'kukhala wowasamala kwinaku akubisa manyazi kwa aneba. Ukadziwa zimenezi, filimuyi imasintha nkhope. Tauni yonse idatha mwezi ikulondalonda mphunzitsi, pomwe mwana yemwe ankadziwa zonse ankadutsa pamaso pawo tsiku ndi tsiku atanyamula zitini.

Pano ndiyenera kunena zomwe zikundidetsa nkhawa. Ku America, nkhalamba yolodza ana ndi nthano yoseketsa ndi kuopseza, anthu akatuluka muholo aiwala. Kuno nkhani ya agogo otenga ana usiku si ya m'kanema. Anthu adafa nayo. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi a banja limodzi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphezi itapha mtsikana wina. Mu 2017, mphekesera ya anamapopa idayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu olusa. Bungwe la United Nations lidachita kuchotsa antchito ake m'maboma ena. Palibe wopopa magazi ngakhale mmodzi yemwe adagwidwa ndi umboni. Ena mwa omwe adafa adali alendo odutsa ndi anthu omwe adalephera kudzifotokoza msanga pamaso pa khamu. Lamulo la za ufiti la 1911 lidaika poyera kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma lamulo silifika msanga pomwe anthu atola kale miyala.

Sindikunena kuti filimu ingaphe munthu. Koma mwana wa zaka 10 woonera Weapons yomasuliridwa, womasulira akuthirira ndemanga zake za agogo okhwima, atengapo phunziro losiyana kwambiri ndi lomwe Cregger ankafuna. Ngati mwana wanu adaionera kale, mufunseni kuti ndani adalakwiridwa m'filimumo. Akayankha kuti ana okha, mukumbutseni za mphunzitsi uja ndi galimoto yake.

Ana amasiye ndi mayi odwala

Filimu yomwe sindingaibwereze ndi Bring Her Back ya ku Australia, yopangidwa ndi mapasa Danny ndi Michael Philippou. Njabwino kwambiri, koma imapweteka. Andy wa zaka 17 ndi mlongo wake Piper, yemwe ali ndi vuto la kuona, bambo awo amwalira ndipo a zachisamaliro cha anthu awapereka kwa mayi wina dzina lake Laura. Apa mlendo ndi anawo, ndipo choopsa ndi mwini nyumba. Laura ngwansangala, wanthabwala, ndipo adagwirapo ntchito yolangiza ana, choncho aliyense amamukhulupirira. Koma mwana wake wamkazi, yemwenso adali wosaona, adamira m'dziwe losambiramo la pakhomo pomwepo, ndipo mayiyu sadavomereze kuti wapita.

Sally Hawkins, yemwe ana amamudziwa ngati mayi wokoma mtima wa m'mafilimu a Paddington, akusewera Laura mochititsa nthumanzi. Mmene akudanitsira ana awiriwa sizifuna matsenga. Akumunamizira Andy kuti amakodza pogona, akumunong'oneza Piper kuti mchimwene wake ngwankhanza, ndipo mnyamatayo akakadandaula kuofesi, mbiri yake yakale ndiyo ikumutsutsa. Aliyense yemwe adaonapo ana amasiye akugawidwa pamaliro, uyu kwa amalume uyu kwa azakhali, popanda wobweranso kudzaona mmene akukhalira, aimva filimuyi m'mafupa. Muli malo ena okhudza mpeni ndi mano a mwana omwe ngakhale akuluakulu amatseka maso. Ana asayandikire n'komwe.

Yosiyana nayo ndi 28 Years Later ya Danny Boyle, yotsatira 28 Days Later ya 2002. Dziko la Britain lidatsekedwa chifukwa cha kachilombo kosandutsa anthu zilombo zolusa, ndipo opulumuka ena akukhala pachilumba cha Lindisfarne, chomwe msewu wake wopita kumtunda umaoneka pokhapokha madzi a m'nyanja akaphwera. Anthu ankayembekezera kuthamangitsana ndi mivi, ndipo zilimo. Koma pakatikati filimuyi ikusanduka nkhani ya Spike, mnyamata wa zaka 12, yemwe mayi ake akudwala mutu ndi kusokonezeka maganizo pamudzi popanda dokotala. Atamva kuti kumtunda kuli dokotala mmodzi yemwe anthu amati ngwamisala, akuwatenga mayi akewo mozemba n'kuwoloka nawo.

Dokotalayo, yemwe akuseweredwa ndi Ralph Fiennes, alibe makina. Akuwayeza ndi manja n'kunena mosabisa kuti ndi khansa ndipo yafalikira. Kwa ife omwe timadziwa kuyenda mtunda wautali ndi wodwala panjinga, n'kukauzidwa kuti mwachedwa, gawo limeneli silikhala ngati la filimu yoopsa. Zambiri adazijambula ndi mafoni a iPhone, zomwe zingalimbikitse anyamata athu opanga makanema, ngakhale kuti mafoniwo adawamangirira zipangizo zodula. Mathero ake ngodabwitsa ndipo ena adakwiya nawo, chifukwa akungotsegulira njira gawo lotsatira, The Bone Temple, lomwe lidatuluka mu Januwale 2026. Dziwaninso kuti odwala kachilombo aja amayenda ali mbulanda.

Otsalawo

Yomwe idapanga ndalama zambiri pa onsewa, pafupifupi madola 500 miliyoni, ndi The Conjuring: Last Rites, ndipo kwa ine ndi yofooka. Ed ndi Lorraine Warren akukathandiza banja la a Smurl ku Pennsylvania m'chaka cha 1986, ndipo choipacho chalowa m'nyumba kudzera pa galasi lodziyang'anira lomwe mwana adapatsidwa ngati mphatso. Zitseko zikudzitsekera, nyimbo ikukwera mwadzidzidzi, wina akukuwa. Tidaziona kale katatu. Mawu oti zidachitikadi omwe amalembedwa koyambirira muwatenge mosamala, chifukwa omwe adafufuza nkhani ya a Smurl panthawiyo sadapeze umboni wa ziwanda.

Final Destination Bloodlines ndi yoseketsa kuposa kuopsa. Mayi wina adapulumutsa anthu pangozi ya nsanja m'zaka za m'ma 1960, ndiye imfa ikubwera kudzatenga ana ndi adzukulu omwe sadayenera kubadwa, kuyambira wamkulu kutsika m'munsi. Mukaionera muyamba kukayikira kakobili kalikonse kogwa pansi. Ili ndi malo amodzi okhudza mtima, pomwe Tony Todd, yemwe adamwalira mu Novembala 2024, akutsanzika akuoneka kuti thupi latha. Frankenstein ya Guillermo del Toro, yochokera m'buku la Mary Shelley la 1818, njokongola m'maso koma yaitali, ndipo mtima wake ndi bambo yemwe walenga mwana n'kumukana ataona kuti sadafanane ndi zomwe ankalota.

Kafilimu komwe kadandisangalatsa mosayembekezera ndi Good Boy. Sitaringi wake ndi galu weniweni dzina lake Indy, wa mwini filimuyo, Ben Leonberg. Mbuye wa galuyo akudwala m'mapapo ndipo wasamukira m'nyumba ya malemu agogo ake kutchire. Kamera ili pansi, pamsinkhu wa galu, ndipo nkhope za anthu sizioneka kawirikawiri. Galuyo akuona chinthu pakona chomwe mbuye wake sakuchiona, koma angamuuze bwanji? Leonberg adatha masiku oposa 400 m'zaka zitatu akujambula, chifukwa galu sungamuuze kuti bwereza. Amene adagonapo kumudzi galu akulira usiku wonse atayang'ana kumanda sasowa womufotokozera filimuyi.

Pa onse omwe ndatchulawa, Good Boy yokha ndiyo ku America adaipatsa chizindikiro cha PG-13, kutanthauza kuti makolo asamale ndi ana osakwana zaka 13. Ena onsewo ndi a R, omwe wosakwana zaka 17 saloledwa kulowa muholo popanda wamkulu. Chizindikiro chimenechi sichioneka filimu ikaikidwa m'memore pamodzi ndi nyimbo za kwaya ndi makatuni, ndipo mnyamata wa pamsika woika mafilimu m'mafoni safunsa zaka za mwini foni. Pakhomo pomwe foni ndi imodzi, yogwiritsa ntchito banja lonse, ndi bwino kufunsa dzina la filimu iliyonse isadalowe.

Kwa akuluakulu ofuna kuyamba ndi imodzi, yambani ndi Sinners, ndipo pa iyi yokha pemphani yosamasulira. Omasulira athu ali ndi luso, ndipo mafilimu ena amakoma kuposa mmene adalili iwo akathirapo mchere. Koma pofuna kuti mawu awo amveke amatsitsa mawu a filimu, ndipo theka la Sinners lili m'gitala ya Sammie ndi m'mapazi a ovina. Musazimitsenso mayina akangoyamba kuyenda kumapeto, chifukwa pali gawo lina la m'chaka cha 1992 pomwe Sammie wokalamba, woseweredwa ndi katswiri wa nyimbo za blues Buddy Guy, akuuzidwa kuti pakhomo pali alendo awiri omwe akupempha kulowa.